Mzere wa kuchipatala si wa kuchigayo

Mwa madandaulo okhudza zaumoyo amene amamveka pamisonkhano ya makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, awiri sachedwa kutuluka. Loyamba ndi lakuti munthu amalawirira kukakhala pamzere kuchipatala, koma wina wofika dzuwa litakwera amalowetsedwa msanga, ndipo otsala pabenchi amayamba kunong'onezana kuti apa payenda chibale kapena kangachepe. Lachiwiri ndi lakuti wodwala akagonekedwa, makamaka akatumizidwa ku chipatala chachikulu, bedi lake limazunguliridwa ndi anyamata ndi atsikana ovala makhoti oyera omwe ndi ophunzira chabe, ndiye abale amafunsa ngati munthu wawo wasanduka chophunzirirapo. Khonsolo siipeputsa madandaulo amenewa. Komabe zambiri mwa zimene anthu amaonazo ndi dongosolo lochita kukonzedwa, ndipo kholo lodziwa dongosololi lingathe kupulumutsa mwana wake tsiku limene zinthu zathina.

Kuchigayo, pamjigo kapena pogula feteleza, woyamba kufika ndiye woyamba kuthandizidwa, ndipo pamenepo ndi chilungamo. Lamulo lomwelo likanati litsatidwe kuchipatala, anthu ambiri akanafera pabenchi. Bambo amene wakhala akumva msana kwa mwezi wathunthu angathe kudikira maola atatu popanda vuto lake kukula, pamene mwana amene akubanika alibe ngakhale mphindi khumi. Ubongo ukasowa mpweya umayamba kuwonongeka pakangotha mphindi 4 mpaka 6, ndipo chimene chawonongeka kumeneko sichibwereranso. N'chifukwa chake azachipatala amasankha odwala potengera kukula kwa vuto lawo. Ntchito imeneyi amaitcha triage, mawu ochokera ku Chifalansa otanthauza kupatula zinthu m'magulu. Mmodzi mwa amene amakumbukiridwa kuti anayambitsa mchitidwewu ndi Dominique Jean Larrey, dokotala wa asilikali a Napoleon, yemwe zaka zoposa 200 zapitazo ankaonetsetsa kuti ovulala kwambiri pankhondo azithandizidwa poyamba posayang'ana kuti ndi mkulu wa asilikali kapena msilikali wamba.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti njira yosankhira ana odwala imene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa inakhwimira konkuno ku Malawi, pachipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre. Kale ana pachipatalachi ankaonedwa motsatira nthawi imene afikira, ndipo ambiri mwa amene ankamwalira ankamwalira tsiku loyamba lomwe, ena asanalandire chithandizo chenicheni. M'chaka cha 2001 chipatalachi chinatsegula gawo lapadera lolandirira ana odwala mwakayakaya, motsogozedwa ndi dokotala wa ana Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake. Anamwino ndi ena onse ogwira ntchito pakhomo lolowera anaphunzitsidwa kuzindikira msanga mwana amene ali pangozi, mankhwala ndi zipangizo zofunika zinaikidwa pafupi, ndipo madokotala odziwa ntchito anayamba kupezeka pomwepo. Kusinthaku kusanachitike, pa ana 100 alionse ogonekedwa, omwalira ankakhala pakati pa 10 ndi 18. Pambuyo pake chiwerengerocho chinatsika kufika pakati pa 6 ndi 8. Sipanabwere mankhwala achilendo ayi, chimene chinasintha ndi amene amayamba kuonedwa ndiponso changu chomuthandizira. Njirayi imadziwika ndi dzina lakuti ETAT, ndipo WHO inatulutsa mabuku oiphunzitsira m'chaka cha 2005. Lero ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri a mu Africa, ndipo ndi yomweyi imene ogwira ntchito m'zipatala zathu za m'maboma amaphunzitsidwa.

Zimene namwino amayang'ana pamzere

Mukaona namwino akuyenda pamzere wa ana n'kumavundukula nsalu, kugwira dzanja la mwana ndi kupitirira, musaganize kuti akungodutsa. Munthu wophunzitsidwa bwino amatha kumuyeza mwana mmodzi m'masekondi 15 mpaka 20. Choyamba amaona ngati njira ya mpweya ili yotseguka ndiponso ngati mwanayo akupuma, ngati akupuma movutikira kwambiri, kapena ngati milomo ndi lilime zada chifukwa chosowa mpweya. Kenaka amagwira dzanja. Likakhala lozizira, amapsinja chikhadabo mpaka chiyere n'kuchisiya, ndipo magazi akachedwa kubwerera kupitirira masekondi 3, mtima ukugunda mofulumira koma mofooka, amadziwa kuti magazi sakuyenda mokwanira m'thupi. Amaonanso ngati mwanayo ali maso, ngati akudzuka pomuitana kapena pomutsina, ndiponso ngati wagwidwa linjirinjiri. Kwa mwana wotsegula m'mimba amayang'ana ngati maso alowa, ngati walefuka, ndiponso ngati khungu la pamimba likuchedwa kubwerera akalitsina. Mwana wopezeka m'gulu limeneli salembedwanso m'kaundula poyamba kapena kuyezedwa sikelo yapamzere. Amathamangira naye kuchipinda komwe kuli mpweya wa okosijeni, diripi, shuga wobaya ndi mankhwala oletsa kukomoka.

Pali gulu lachiwiri, la ana amene sali pa imfa nthawi yomweyo koma sayenera kudikira. Muli khanda losakwana miyezi iwiri, chifukwa khanda lotere limatha kudwala kwambiri popanda zizindikiro zooneka bwino. Mulinso mwana wotentha thupi kwambiri, woyera zikhatho chifukwa cha kuchepa kwa magazi, wakumwa mankhwala oopsa kapena palafini, wakupsa ndi moto kapena phala, wovulala, wonyentchera kwambiri kapena wotupa mapazi onse awiri, komanso amene wabwera ndi kalata yomutumiza mwachangu kuchokera ku chipatala chaching'ono. Ana amenewa amapititsidwa kutsogolo kwa mzere. Otsala onse, monga a chimfine, zipere ndi zilonda zazing'ono, ndi amene amatsatira nthawi imene afikira. M'zipatala zina amalemba chilembo E, P kapena Q m'kabuku ka kuchipatala, pomwe m'zina amagwiritsa ntchito mitundu yofiira, yachikasu ndi yobiriwira, koma tanthauzo lake ndi limodzi.

Apa pali chinthu chimene tikufuna amayi ndi abambo onse a m'mawodi athu achimvetse bwino. Ife Amalawi tinaleredwa kuti kudumpha mzere ndi mwano, ndipo mayi waulemu amakhala phee kumapeto kwa benchi, mwana ali kumbuyo, wofunditsidwa nsalu ziwiri. Tsiku limene anthu achuluka ndipo namwino ali yekha, mwana wofunditsidwayo sangaoneke. Komanso mwana amene anali bwino pang'ono pofika angathe kusintha ali pamzere pomwepo. Choncho mwana wanu akakhala kuti akubanika, wakomoka, sakudzuka, sakutha kuyamwa kapena kumwa, kapena akusanza chilichonse, musadikire kuti akupezeni. Imirirani, pitani kwa aliyense wogwira ntchito amene mwamuona, ngakhale mlonda kapena wokolopa, ndipo nenani mawu olunjika, monga akuti mwana sakupuma bwino kapena mwana wakomoka. Palibe wachipatala wodziwa ntchito yake amene angakudzudzuleni chifukwa chotero. Inunso amene mwakhala pafupi ndi mayi wotere, mukaona kuti mwana wake wafooka, mulankhulireni ndi kumupatsa njira.

Kwa akuluakulu mfundo yake ndi yomweyo. Chipatala cha Queen Elizabeth chinatsegula gawo la akuluakulu odwala mwadzidzidzi ndi ovulala pangozi m'chaka cha 2011, ndipo zizindikiro zimene zimapititsa munthu patsogolo ndi monga kupweteka kwa pachifuwa kobwera mwadzidzidzi, kupindika kwa pakamwa kapena kufooka kwa mbali imodzi ya thupi, kutaya magazi ambiri, kuvulala m'mutu, ndiponso kwa mayi woyembekezera, kutaya magazi, kukomoka kapena mutu waukulu wophatikizana ndi kusaona bwino.

Sitikunena kuti kukondera kulibe. Wachipatala ndi munthu, ndipo amene amalowetsa mnansi wake wa chifuwa wamba n'kusiya gogo akubuula pabenchi akuphwanya dongosolo lomwe tafotokozali. Chithandizo m'zipatala za boma ndi chaulere kupatula m'zigawo zolipira zodziwika bwino, ndipo wopempha ndalama kuti akulowetseni msanga akuba. Zoterezi zikachitika pali kokadandaula, ndipo tikutchula kumapeto kwa nkhaniyi. Chimene tikupempha n'chakuti musanakwiye muyambe mwaona amene walowetsedwayo kuti ali motani.

Chithandizo cha mwadzidzidzi chimayambira kumudzi, ndipo zina zimene timachita ndi mtima wabwino zimaonjezera ntchito kwa achipatala. Wakupsa ndi moto amafunika kuthiridwa madzi oyera ozizira kwa mphindi pafupifupi 20 n'kufunditsidwa nsalu yoyera, osati kupakidwa mazira, mankhwala otsukira mano kapena dothi. Wogwidwa linjirinjiri kapena khunyu agonekedwe chammbali kutali ndi moto, ndipo asamuike supuni kapena chala m'kamwa. Mwana wakumwa palafini asasanzitsidwe, chifukwa palafiniyo akalowa m'mapapo ndiye amapha, ndipo wakumwa mankhwala a m'munda apite naye kuchipatala pamodzi ndi botolo kapena pepala la mankhwalawo kuti adokotala adziwe chimene akulimbana nacho. Bala lotuluka magazi lipsinjidwe mwamphamvu ndi nsalu yoyera mpaka kukafika. Pangozi za pamsewu, makamaka za njinga zamoto za kabaza zomwe zachuluka masiku ano, wovulala anyamulidwe mutu, khosi ndi msana zili zowongoka, pakuti kumupinda pomukweza m'galimoto kungathe kumupuwalitsa moyo wake wonse. Pa zonsezi chachikulu ndi nthawi. Banja likayamba ladikira kuti kuche, kapena kuti mwinimbumba abwere adzapereke chilolezo, kapena likayamba ladzera kwina kukafunsira, mwana wa malungo aakulu amafika kuchipatala magazi atamuthera.

Amene amatilandira aja anaphunzira bwanji?

Kwa zaka zambiri dziko lino litalandira ufulu, Mmalawi wofuna udokotala ankayenera kukaphunzira kunja, ndipo ena mwa amene anapita sanabwerere. Sukulu ya udokotala ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1991 pansi pa University of Malawi, ndipo m'chaka cha 2021 inaphatikizana ndi sukulu ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing n'kupanga yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences. Maphunziro a udokotala kumeneko amatenga zaka zisanu, ndipo wochokera ku Fomu 4 amayamba ndi chaka chimodzi chokonzekera. Zaka ziwiri zoyambirira amathera kwambiri m'kalasi kuphunzira kapangidwe ka thupi, kagwiridwe ntchito ka ziwalo ndi mmene matenda amayambira. Zaka zitatu zotsatira amakhala m'zipatala, ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mangochi komwe amakaphunzira ntchito ya pachipatala cha boma ndi zaumoyo wa kumudzi. Akalandira digiri samasulidwa nthawi yomweyo. Amagwira ntchito miyezi 18 pachipatala chachikulu moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu, ndipo akatero m'pamene bungwe la Medical Council of Malawi limawapatsa chilolezo chogwira ntchito paokha.

Komatu m'boma ngati lathuli, amene amakulandirani usiku nthawi zambiri si dokotala wa digiri. Ndi clinical officer, medical assistant kapena namwino, ngakhale kuti ife tonse timangowatcha adokotala. Clinical officer amaphunzira zaka zitatu m'sukulu monga Malawi College of Health Sciences kapena Malamulo, kenaka chaka china moyang'aniridwa, pomwe medical assistant amaphunzira zaka ziwiri. Anthu amenewa ndiwo nsanamira ya zipatala za m'maboma, ndipo maopaleshoni ambiri a amayi olephera kubereka m'zipatala zimenezi amachitidwa ndi ma clinical officer. Nawonso amadzera njira yomweyo, yoyamba ndi kalasi, kenaka pabedi la wodwala.

Pa ntchito ya mwadzidzidzi, wophunzira amayamba ndi zidole zopangidwa ngati munthu. Pa zidolezo amaphunzira kutsegula njira ya mpweya, kupopera mpweya m'mapapo ndi kupsinja chifuwa cha munthu amene mtima wake waima, ka 100 mpaka 120 pamphindi imodzi. Azamba amaphunzira pa kachidole kakhanda mmene angathandizire mwana wobadwa osalira kuti apume mphindi yoyamba isanathe. Onse amaloweza ndondomeko imodzi, yoyamba ndi njira ya mpweya, kupuma, kayendedwe ka magazi, kutsitsimuka kwa ubongo, kenaka kuyang'ana thupi lonse, ndipo amaibwereza mpaka manja azichita okha. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Wovulala akafika mwendo utathyoka fupa lili pamtunda, maso a aliyense amathamangira pamwendopo, pamene chimene chingamuphe m'mphindi zochepa ndi magazi kapena masanzi amene atseka kukhosi. Ndondomekoyo imamuteteza wachipatala ku mantha ake omwe.

Koma chidole sichituluka thukuta, sichilira, ndipo mitsempha yake siibisala monga imachitira ya mwana amene madzi amuthera m'thupi. Kusiyanitsa kupuma kwa mwana wa chibayo ndi kwa mwana amene akungolira, kapena kuzindikira kuti mayi amene akuti ali bwino akutaya magazi m'kati, munthu amakudziwa ataona odwala enieni ambirimbiri, mphunzitsi ali pambali pake kumuwongolera. Clinical officer amene anapulumutsa mwana wanu chaka chatha anabaya diripi yake yoyamba padzanja la mwana wa munthu wina amene anavomera. Umu ndi mmene zilili padziko lonse, ku London ngakhale ku Johannesburg, ndipo njira ina yophunzitsira madokotala palibe.

Izi sizitanthauza kuti wodwala alibe mawu. Wophunzira ayenera kudzitchula dzina ndi kunena poyera kuti ndi wophunzira. Ayenera kupempha chilolezo asanakufunseni mafunso kapena kukugwirani, ndipo muli ndi ufulu wokana popanda chithandizo chanu kuchepetsedwa. Mungathe kupempha kuti pokuyezani malo obisika pakhale namwino kapena anthu achepe, ndipo zimene mwamuuza wophunzira ndi chinsinsi monga momwe zilili kwa dokotala. Wophunzira saloledwa kukulemberani mankhwala kapena kukutulutsani m'chipatala payekha popanda womuyang'anira kuvomereza. Mukakayika, funsani mwaulemu kuti amene akumuyang'anira ndi ndani. Wophunzira woleredwa bwino sakhumudwa ndi funso limeneli.

Kumbali ina, kunena zoona, wodwala amene waonedwa ndi wophunzira nthawi zambiri amapindula. Dokotala amene ali ndi odwala 60 m'wodi sangakhale nanu theka la ola, pamene wophunzira amakhala pansi, kufunsa mbiri yonse ya matenda, n'kukafotokozera mphunzitsi wake yemwe amabweranso kudzatsimikiza. Kawirikawiri ndi wophunzira amene amayamba kuona kuti diripi yaima kapena kuti wodwala wa pabedi la pakona wasintha kapumidwe. Ndiye magadiyani musawathawe. Auzeni zonse, kuphatikizapo mankhwala achikuda kapena ogula kugolosale amene wodwalayo wamwa, chifukwa kubisa zimenezi kumasocheretsa amene akufuna kukuthandizani.

Mbali ya khonsolo ndi ya ife eni dera

Chiyambire lamulo la maboma aang'ono la 1998, ntchito zambiri zaumoyo za m'boma zinaperekedwa m'manja mwa makhonsolo, ndipo ofesi ya mkulu wa zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu imayankha kukhonsolo. Choncho zina mwa zimene zimapangitsa kuti wodwala mwadzidzidzi apulumuke zimakambidwa m'misonkhano yomwe makhansala anu amakhalamo. Ambulansi imafuna mafuta ndi matayala. Imafunanso msewu ndi mlatho woti idutsepo nyengo ya dzinja, ndipo mudzi umene ukusankha chitukuko choika patsogolo uzikumbukira kuti kamlatho ka pakhwawa nakonso ndi nkhani ya zaumoyo. Chimodzimodzinso nyumba za ogwira ntchito pachipatala chaching'ono. Namwino wogona pamtunda wa makilomita asanu sangafike msanga pakati pa usiku, ndipo wophunzira amene anabwera kudzaphunzira ntchito kwathu n'kupeza nyumba yabwino, madzi ndi anthu omulandira ndi amene mawa angavomere kudzagwira ntchito kuno akamaliza sukulu.

Palinso nkhani ya magazi, yomwe ndalama za khonsolo sizingagule. Mwana wa malungo amene magazi amuthera, mayi wotaya magazi pobereka ndi wovulala pamsewu onse amadalira magazi amene wina anapereka mwaufulu. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limatolera magazi ambiri kwa ophunzira a m'sukulu za sekondale ndi m'makoleji, motero sukulu zikatsekera nkhokwe zimachepa, ndipo tchuthi cha Disembala chimakumana ndi nyengo imene malungo ayamba kuvuta komanso ngozi za pamsewu zachuluka. Mipingo, mizikiti, magulu a mpira ndi mabanki a m'mudzi angathe kutseka mpata umenewu poitana otolera magazi kudzera ku ofesi ya zaumoyo.

Mafumu ndi makomiti a VDC akulimbikitsidwa kugwirizana ndi anthu awo pasadakhale za amene ali ndi njinga yamoto, ngolo kapena galimoto yoti inganyamule wodwala usiku, ndi kusunga nambala ya foni ya mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo komanso ya chipatala chapafupi. Amene ali ndi dandaulo la kukondera pamzere, kupemphedwa ndalama, kunyozedwa, kapena kugwiridwa ndi wophunzira popanda chilolezo, akaonane ndi komiti ya chipatala cha m'dera lawo, ofesi ya ombudsman wa pachipatala cha boma, kapena khansala wa wodi yawo. Pokadandaula tchulani tsiku, nthawi ndi chipinda chimene zinachitikira, ndipo tengani kabuku ka kuchipatala ka wodwalayo.